Mtengwa Wosamva Fungo

Mphuno yanga inasiya ntchito kutatsala milungu itatu kuti ndikwatiwe, ndipo amene anaiwononga ndi mwamuna yemweyo amene anandikwatira. Anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku boma la Kota Kota, masiku amene azungu ankalamula dziko lino, ndipo anali ndi njinga yakuda imene ankaipukuta kuposa nkhope yake. Ine kwathu kunali kumudzi wa m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa boma. Tonse tinali Asilamu, ndipo lamulo linkadziwika ndi mwana yemwe: mtsikana wotomeredwa sakwera njinga ya mwamuna ndowa isanachitike, ndowa ndiwo ukwati wathu wa Chisilamu. Ine ndinakwera.

Tinakumana panjira masana, ine ndikuchokera koviika chinangwa. Anandinyengerera kuti ndikwere pang'ono chabe, mpaka pamtengo wa mango umene unali patsogolo, poti panalibe wotiona. Ndinakhala chammbali pa keliyala, mphepo n'kumandiomba m'makutu, ndipo ndinaseka mpaka mano onse pamtunda. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Tayala linagunda muzu, ine ndinauluka n'kukamenyetsa nkhongo pansi. Mwini njinga sanadziwe. Anapitirira kupalasa akufotokozera keliyala wopanda munthu za nyumba ya zitseko ziwiri imene adzandimangire, mpaka anafunsa funso n'kusowa womuyankha. Akanapanda kufunsa funsolo bwenzi atafika ku Dwangwa.

Mutu unandipweteka masiku anayi, ndipo amayi anga ndinawanamiza kuti ndinaterereka pachitsime. Mutu utapola ndinapita kukavuula chinangwa chija. Amene anakulira kondowole amadziwa fungo la chinangwa choviika, limene limabweza ndi galu yemwe. Ine ndinachisenza pamutu, madzi ake akuyenderera m'khosi, osamva kanthu. Ndinanunkhiza sopo, utsi, usipa, ngakhale m'khwapa mwanga, koma zonse zinali ngati madzi akumwa. Ndinayesa chimfine, koma mamina kunalibe.

Kukanakhala kuti ndimakwatiwa kubanja lina, nkhani ikanachepa. Koma ine ndimatengedwa chitengwa kupita kwa mayi amene mphuno yawo inkatchuka gombe lonse. Apongozi angawo anali amasiye, alimi a mpunga, aatali ndi osaseka wamba. Ankati akanunkhiza mpunga m'dengu amatchula dambo limene unalimidwa. Asodzi akawaona akubwera ankabisa nsomba za dzulo pansi pa ukonde. Mkazi wa mwana wawo wamkulu anamubweza kwawo atapsereza mpunga katatu, ndipo mawu amene anamuperekeza nawo ankabwerezedwa pachitsime paliponse, akuti mkazi wosamva fungo adzawotcha nyumba ana ali momwemo. Ndinkaopa kubwezedwa. Ndinkaopanso kuti ndikaulula za mphuno adzafunsa chinaiwononga n'chiyani, njinga n'kutulukira poyera, amayi anga n'kusowa poika nkhope.

Mwamuna wanga ndinamuuza tsiku lachiwiri la ukwati. Anagwira pakamwa, kenaka anati, "Musadandaule, mphuno yanga ikwanira tonse awiri." Nzeru yake inali yakuti apongozi akandipatsa chinthu kuti ndinunkhize, iye azitsokomola kamodzi ngati chikununkhira, kawiri ngati chikununkha. Ndinaona kuti ndakwatiwa ndi munthu wanzeru. Ndinali mwana.

Apongozi ankakondadi kundiyesa. Ankangotulukira ndi kanthu m'manja, kaya mpunga, kaya mkaka, kaya nsalu yochapa, n'kundiika pamphuno. "Mtengwa, tanunkhizani." Ine ndinkakoka mpweya mwamphamvu, kutsinzina ngati ndikuganiza zakuya, khutu lili kwa mwamuna wanga. Akatsokomola kamodzi ndinkagwedeza mutu mokondwa. Akatsokomola kawiri ndinkakwinya nkhope mpaka kulavula pambali. Ndinkachita mopitiriza ndithu, moti tsiku lina apongozi anauza mnansi wathu kuti mtengwa uyu mphuno yake ndi yaukali kuposa yawo. Mawu amenewo anandisangalatsa ndi kundiopsa nthawi imodzi.

Masana mwamuna wanga akapita kukasoka ndinkadzionera ndekha. Ntchentche ndizo zinali alangizi anga: pamene zaunjikana, pamenepo pali mlandu. Mphaka wa pakhomo ndinkamuyang'ana ngati shehe, akakana chinthu inenso ndinkachikana. Mpunga ndinkaupima ndi mthunzi wa nsanamira ya kukhitchini, ukafika pamwala wina ndiye kuti ndiphule. Koposa zonse ndinkadalira lilime. Ndinkalawa chilichonse, kawiri katatu, ngakhale madzi osambitsira mbale. Chakudya chinali chitasiya kundikomera, koma mchere, kuwawa ndi kuwawasa ndinkazimva, ndipo zimenezo zinandisunga pabanja miyezi inayi.

Kenaka kunabwera mwera, mphepo yozizira ija ya panyanja, ndipo mwamuna wanga anadwala chifuwa chenicheni. Mmawa wina msodzi anafika pakhomo ndi chambo m'dengu. Apongozi ananyamula imodzi n'kundiika pamphuno monga mwa masiku onse. Kuseri kwanga kunamveka kutsokomola kawiri, komveka bwino. Ndinakwinya nkhope, ndinalavula, n'kunena molimba mtima kuti, "Yavunda iyi, amayi. Ndi ya dzana."

Nsombayo inapiriphita m'manja mwawo n'kuwamenya ndi mchira padzanja. Inali yamoyo.

Msodzi anandiyang'ana, anayang'ana nsomba yake, nati, "Amayi, ine ndakalamba pamadzi, koma nsomba ya dzana yovina sindinaionepo." Ndinati ndimangocheza. Apongozi sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira mwana wawo, amene tsopano ankatsokomola kasanu kasanu pofuna kukonza zinthu, n'kumulamula kuti apite kuchipatala lero lomwe ndipo ine ndimuperekeze.

Kuchipatala cha mishoni tinapeza bambo wothandiza dokotala wachizungu, ndipo bamboyo tonse tinkangomutchula kuti adokotala. Anali wa kumpoto, wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, ndipo Chichewa chake chinkakwera ndi kutsika ngati bwato. Atamupatsa mwamuna wanga mankhwala a chifuwa, mwamunayo anatseka chitseko n'kuulula zonse, ndi za njinga zomwe. Adokotala anavula magalasi kuti aseke bwino.

Anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandiika timabotolo pamphuno. Koyamba, palibe. Kachiwiri, palibe. Anati munali khofi ndi sopo wa chipatala. Kachitatu kanandibaya m'mphuno ngati singano, misozi n'kutuluka, ndipo ndinayetsemula mpaka mpango kugwa. Mwamuna wanga analumpha n'kugwira adokotala dzanja, akuti mkazi wake wachira.

"Khalani pansi, a telala," anatero adokotala. "Limenelo si fungo, ndi ululu. Uli ndi njira yakeyake."

Anatenga pensulo n'kujambula mutu wa munthu kuseri kwa pepala la mankhwala. Anati mphuno imene timaiona panjayi ndi khonde chabe. Fungo limamvekera mkati, pamwamba penipeni, kuseri kwa pamene maso awiri ayandikana, pa kamalo kosaposa chikhadabo. Kuchokera pamenepo timitsempha tambirimbiri, topyapyala kuposa ulusi wa telala, timakwera m'mwamba kudutsa pa fupa lokhala ndi timabowo ngati sefa ya ufa. Tikadutsa timalowa m'timatumba tiwiri togona pansi pa ubongo, ndipo kuchokera m'menemo uthenga umapita molunjika kumene munthu amasungira zokumbukira ndi zomukhudza mtima. N'chifukwa chake, anatero, munthu akamva fungo la mafuta amene amayi ake ankadzola amatha kulira asanadziwe chomuliza. Ndiye munthu akagwa n'kumenyetsa nkhongo, ubongo umagwedezeka m'chigaza, fupa la timabowo lija osasuntha, timitsempha tija n'kuduka pomwepo. Mtsempha umene unamva kabotolo kachitatu ndi wina, wa kumaso, womwe umamva tsabola ndi kuzizira, ndipo umenewo unali bwinobwino.

Mwamuna wanga anayang'anitsitsa chithunzicho ngati nsalu yong'ambika. "Nanga poti ndi ulusi, adokotala, sitingalumikize? Ine ndili ndi singano yaing'ono kwambiri."

Adokotala anati ngakhale kwawo kwa azungu kulibe telala wotero. Kwa ena timitsemphato timaphukanso tokha pakapita miyezi, kwa ena ayi, ndipo palibe mankhwala. Pobwerera ndinakana kuyenda limodzi ndi mwamuna wanga. Ndinali patsogolo, iye kumbuyo akukankha njinga yake, ndipo ndinamuuza mawu ambiri okhudza njingayo amene sindingawalembe pano.

Patangopita milungu iwiri mwezi wa Ramazani unaoneka. Mwezi umenewu Msilamu sadya kapena kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, koma chakudya chomasulira chimaphikidwa masana, wophikayo ali ndi njala. M'nyumba zina mkazi amaloledwa kulawa n'kulavula. Kwa apongozi anga zimenezo kunalibe. Ankati mkazi weniweni amalawa ndi mphuno, ndipo ankakhala pakhonde maso ali kukhitchini. Lilime langa, limene linandisunga miyezi yonse ija, linamangidwa. Ndinatsala ndi ntchentche, mphaka ndi mthunzi wa nsanamira.

Masiku khumi ndinapulumuka. Mchere ndinkapima ndi chotsekera botolo, ndipo moto ndinkauyang'anira osaphethira. Tsiku la khumi ndi limodzi kunali kubwera alendo, alongo awo a apongozi ochokera ku Ngala pamodzi ndi anzawo atatu. Apongozi ananyamuka mmawa kukawachingamira kwa wachibale wina kumene anagona, n'kundisiyira mpunga wonunkhira uja wa faya, watsopano, umene anausunga padera chifukwa cha alongo awowo. Anati ndiphike mpunga, futali wa mbatata ndi tiyi wa tangawizi. Ndinakondwa kuti kwa tsiku limodzi ndiphika popanda maso pamsana.

Masiku amenewo madzi tinkatungira m'zitini zimene zinabwera ndi palafini. Chitini chikatha, ankachitsegula pamwamba, kuchikwecha ndi phulusa ndi mchenga, n'kuchiyanika padzuwa masiku angapo mpaka fungo litatha. Dzulo lake mwamuna wanga anali atapempha chitini chotere kwa Mmwenye wake, n'kuchiika kuseri kwa khitchini chisanakwechedwe, osauza munthu. Ine nditachiona chikunyezimira pafupi ndi chathu chadzimbiri, ndinati alendo aulemu awa amwe madzi a m'chitini chatsopano. Ndinachitsukuluza kamodzi n'kupita nacho kuchitsime. Pamwamba pa madzi panali kakunyezimira kamitundumitundu, ine n'kumati ndi kukongola kwa chitini. Ndinatsukira mpunga, ndinaphikira mbatata, ndinawiritsa tiyi. Mphaka anabwera, anaima pakhomo, n'kubwerera. Ndinati nayenso akusala. Ntchentche sinatere ndi imodzi yomwe, ndipo ndinadziyamikira kuti sindinaphikepo chakudya chaukhondo chotere. Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Langa linkanunkha mpaka kumsewu, wosalimva ndinali ine ndekha.

Alendo anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa, mwamuna wanga ali nawo. Apongozi ataponda pabwalo anaima n'kufunsa amene wagwetsa nyali. Panalibe nthawi yofufuza, poti kumzikiti anali atayamba kuitana, ndipo anthu anali ndi njala ya tsiku lonse. Alendo anakhala pamkeka, apongozi pawokha chapambali, ine ndinagwada n'kuvundukula mbale. Nthunzi inakwera. Ndinaona nkhope zisanu ndi imodzi zikubwerera m'mbuyo nthawi imodzi.

Apongozi anatapa mpunga ndi supuni, modekha kwambiri, n'kundiika pamphuno. "Mtengwa, tanunkhizani."

Ndinatsinzina, ndinakoka mpweya, n'kutchera khutu. Mwamuna wanga anatsokomola kawiri. Koma amalume ake nawo anatsokomola, mlendo wina n'kutsokomola katatu, wina n'kuyetsemula, ndipo m'chipwirikiti chimenecho sindinadziwe chifuwa cha mwamuna wanga n'chiti. Ndinaganiza kuti mpunga wa faya watsopano sungakhale ndi mlandu. Ndinatsegula maso n'kumwetulira.

"Ukununkhira bwino kwambiri, amayi. Faya weniweni."

Amene anayamba kulankhula ndi amalume aja, munthu wonenepa wokonda nthabwala, amene njala inali itawapambana moti anali atamwa kale tiyi pang'ono. Anaika kapu pansi nati, "Achemwali, chotsani nyali pafupi ndi ine, ndingageye n'kuyatsa mudzi." Alendo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Apongozi sanaseke, ndipo mwamuna wanga anali atayang'ana pansi ngati wataya singano. Chakudya chonse chinakatayidwa kudzala, kumene ngakhale nkhuku zinachizungulira. Alendo aulemu aja anamasula ndi chinangwa chootcha ndi ndiwo zopempha kwa anansi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso moyo wanga wonse.

Mmawa ndinamanga nsalu zanga ziwiri m'kamtolo, kuti pondibweza asachite kundidikira. Mwamuna wanga anapita kwa amayi ake n'kuulula zonse, njinga, muzu, kutsokomola, adokotala ndi chitini. Ndinkamvera kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anangomufunsa funso limodzi, kuti anapalasa mtunda wautali bwanji asanadziwe kuti mwana wa eni wagwa. Atawauza, anati, "Bambo ako analinso chimodzimodzi. Pita kuntchito." Kenaka anandiitana.

Ndinalowa m'chipinda chawo, mmene ndinali ndisanalowemo chikwatiwire. Munali utsi wa lubani wochita kuphimba maso. Anandiuza kuti nditseke chitseko. Ndinagwada pafupi ndi khomo, kamtolo kanga ndikukaganizira.

"Ndiye simumva kanthu? Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono, amayi."

"Lubani uyu?"

"Ndikungoona utsi, amayi."

"Senderani kuno."

Ndinasendera. Anati ndisenderenso, mpaka maondo anga anagunda mkeka wawo. Kenaka anakweza nsalu yawo kufika m'bondo n'kuyamba kumasula nsanza zimene anakulunga pamwendo wakumanzere. Pansi pake panali chilonda chachikulu ngati chikhatho changa, chakuya, cha m'mbali zotupa, mtundu wa zilonda zija zosapola zimene zinkagwira anthu olima m'madambo. Anati chatha zaka zitatu. Mwana wawo wamkazi anachitsukapo kawiri, koma ankagwira mpweya, ndipo iwo anaona. Kuyambira pamenepo ankachitsuka okha, mowerama, msana ukuwawa, ndipo kumbuyo kwake sankafikako.

"Anthu amatama mphuno yangayi," anatero, "koma sadziwa kuti siindipatsa mpumulo. Ndimadzimva ndekha tsiku lonse. Munthu akandiyandikira sindimva zimene akunena, ndimangoyang'ana mphuno yake."

Pamenepo ndinazindikira kuti miyezi yonse ija ndinali ndisanaonepo munthu atakhala nawo mkeka umodzi, ngakhale mwana wawo. Chifundo chinandigwira, ndipo mantha amene ndinkawaopa nawo anandichokera. Ndinapita kukhitchini, ndinafunditsa madzi a m'chitini chadzimbiri, ndinathiramo mchere, n'kubwera ndi nsalu yoyera imene ndinang'amba pa kamtolo kanga. Ndinanyamula mwendowo n'kuuika pamiyendo panga. Unali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndikutsuka, iwo maso anali pankhope panga, osaphethira, kudikira kuti mphuno yanga ikwinyike. Ndinaweramira pafupi kuti ndione bwino kumbuyo kumene sankafikako. Anafunsanso, mawu ali pansipansi.

"Palibe, mtengwa?"

"Palibe, amayi. Tembenuzani mwendo pang'ono."

Anatembenuza. Kenaka anatsamira khoma n'kuphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Ndinapitiriza kutsuka mpaka madzi anazizira, n'kupita kukafunditsa ena.